Kwinini wa Che Amidu

Ana anga, za ubwana wanga kwa Mposa sindilemba, chifukwa munazimva mpaka kutopa nazo, ndipo zina amayi anu amazikamba bwino kuposa ine ngakhale kuti iwo kunalibeko. Ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu. Pa zaka zonse za udresala, ntchito yothandiza dokotala m'zipatala zazing'ono, ndinamwetsa anthu mankhwala osawerengeka, ambiri anachira, ena Mulungu anawatenga. Koma pali mapiritsi khumi ndi asanu ndi atatu amene ndinakulunga m'pepala tsiku lina ku Chiuta, ndipo amenewo sanandichoke m'mutu mpaka lero. Ndikufuna mudziwe za iwo, makamaka iwe Agnesi, poti nawe wasankha ntchito ya chipatala.

1932, Balaka

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena m'dera la Nsamala, mtunda woyenda wapansi kuchokera pa siteshoni ya sitima. Kanali kanyumba ka zipinda ziwiri kofolera udzu, kokhala ndi zenera limodzi lalikulu loperekera mankhwala. Mkulu wanga anali bambo Chikopa, munthu wamfupi, wosaseka pa ntchito, woyenda ndi kiyi wa kabati m'khosi ngati kolona. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kukhudza botolo lililonse. Ntchito yanga inali kutsuka zilonda, kuwiritsa mabandeji ndi kusesa. Ine ndi setifiketi yanga yatsopano ndinkapsa mtima, ndimvekere kodi ndinaphunzirira tsache?

Tsiku limene anatsegula kabati ija pamaso panga anatulutsa botolo la kwinini, mankhwala a malungo a masiku amenewo, n'kuliika pa tebulo. Anati, "Mwana iwe, uyu ndi galu wolusa. Ukamugwira bwino akulondera pakhomo, ukamutayirira aluma mwini wake yemwe." Anandiphunzitsa kuti mlingo wa mwana si wa munthu wamkulu, kuti mapiritsi a m'mawa, a masana ndi a madzulo ayenera kutalikirana, kuti wodwala akati makutu akulira kwambiri kapena maso akuchita chifunga uyambe waima, ndiponso kuti mayi wodwala pakati ndi munthu wokodza mikodzo yakuda samwetsedwa chisawawa. Lamulo lalikulu, lochokera kwa dokotala wachizungu amene ankatiyendera, linali lakuti kwinini samatuluka pakhomo pa chipatala. Wodwala ankamezera pa zenera, n'kuyasamula, n'kutukula lilime. Bambo Chikopa ankawonjezerapo lawo. Munthu aliyense ankamufunsa kumene wachokera, chimene wadya, ndi chimene akukachita akachoka pano. Mzere unkatalika mpaka pa mtengo wa mango, ine n'kumati m'mtima, mkuluyu amangokonda nkhani. Tsiku lina ndinawauza mwaulemu kuti mafunsowo akutichedwetsa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Safunsa anadya phula." Koma ine sindinamve.

1934, Chiuta

Patapita zaka ziwiri anandituma kukayendetsa ndekha kachipatala katsopano pafupi ndi nyanja ya Chiuta. Tinali titangokwatirana ndi amayi anu. Tinafika ndi bokosi limodzi, mphasa ziwiri ndi njinga ya boma. Udzudzu wa kumeneko sindinauonenso kwina. Malungo analibe nyengo, ndipo ana ambiri ankayenda ndi kapamba wotupa ngati chinthu chobadwa nacho. Anthu ambiri anali Asilamu olankhula Chiyao, asodzi ndi ogulitsa nsomba, pamene ine ndinali Mkatolika wa kwa Mposa wodziwa Chiyao cha moni basi.

Munthu woyamba kutilandira anali Che Amidu. Ankagula milamba ndi makumba padoko, n'kuwamba, n'kumanga dengu pa njinga kukagulitsa ku Balaka, ulendo wa masiku awiri. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka mwina khumi ndi zisanu, wamtali, wa maso akuthwa moti ankazindikira bwato la munthu likadali kadontho pakati pa mabango. Ndiye anatipezera anthu otimangira khitchini, ndipo mkazi wake, Abiti Juma, ndiye anaphunzitsa amayi anu kugula nsomba osaberedwa. Masana ntchito ikaphwa tinkasewera bawo pakhonde la chipatala. Ankandidya tsiku ndi tsiku, n'kumati, "A Dresala, inu nzeru zonse zinathera m'mabotolo." Ine ndinkabwezera kuti iye akununkha mlamba mpaka ku mzikiti. Anali munthu wonyadira chinthu chimodzi, ndipo ankachinena poyera: chichokereni ku jando sanadumphepo tsiku ngakhale limodzi la kusala m'mwezi wa Ramazani, kaya ali pa ulendo, kaya akudwala.

Lamulo la pa zenera ndinalisunga. Ochokera kutali ankagona kwa abale pafupi ndi chipatala mpaka atamaliza mankhwala. Koma mafunso a bambo Chikopa aja ndinawasiya ku Balaka. Ndinali ndekha, mzere unali wautali, ndipo ndinkadziona ngati munthu wodziwa.

Disembala 1935

Mvula itangoyamba, m'mawa wina Che Amidu anafika atafunda bulangeti, mano akugundana. Ndinamugwira pachipumi, thupi linali moto. Malungo enieni. Ndinatulutsa mapiritsi awiri ndi kapu ya madzi, koma iye anabweza ndi dzanja.

"Iyayi, a Dresala, ndikamwera kunyumba."

"Lamulo mukulidziwa, Che Amidu. Mezerani pompano."

"Ine ndine mwana kodi? Ndipatseni, ndikamwa. Ndinayamba ndakunamizanipo?"

Kumbuyo kwake kunali amayi ambiri ndi ana. Ine ndinaganiza kuti mkuluyu akuchita manyazi kuyasamula ndi kutukula lilime pamaso pa akazi a m'mudzi mwake. Kuti mwezi unali wa Ramazani ndinkadziwa bwinobwino, chifukwa sabata imeneyo anali atasiya kulandira tiyi pa bawo. Koma zinthu ziwirizi sindinazilumikize. Funso linali limodzi lokha, lakuti bwanji simukufuna kumwera pano, ndipo sindinalifunse. Ndinang'amba pepala, n'kuwerenga mapiritsi a masiku atatu, n'kukulunga. Ndinati awiri m'mawa, awiri masana, awiri madzulo, asanu ndi limodzi pa tsiku. Ndinamufunsa ngati wamva, iye anati wamva. Anaika kapepalako m'thumba la mkanjo n'kumapita, ine n'kuitana wotsatira.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo Abiti Juma anafika akuthamanga, mpango uli m'manja. Sanapereke moni. Anati, "A Dresala, bambo aja akufunsa ngati dzuwa lalowa kuti amasule. Akuti kwada." Ndinayang'ana kunja, mchenga ukuthwanima ndi dzuwa. Ndinatseka zenera anthu ali pamzere n'kukwera njinga.

Ndinamupeza atakhala pa mphasa pakhonde, maso ali tong'o, akuyang'ana kumene kunalibe munthu. Ndinayendetsa dzanja pamaso pake, sanaphethire. Makutu nawo anali atatseka, moti ndinachita kukuwa kuti amve kuti ndine. Ndinafunsa za mapiritsi. Anapapasa m'thumba n'kundipatsa kapepala kaja. Munatsala asanu ndi limodzi. Anafotokoza modekha, ngati munthu amene wachita zonse bwino. Masana sakanameza kanthu chifukwa anali pa kusala. Choncho dzuwa litalowa anamwa onse a tsiku limenelo pamodzi, asanu ndi limodzi. Kenaka pa daku, chakudya chawo cha m'bandakucha, anamweratu onse a tsiku lotsatira, kuti lisadzamupeze ali wopereweza. "Sindinadumphe ngakhale limodzi, a Dresala," anatero. "Munati asanu ndi limodzi pa tsiku." Ndipo zoonadi, chiwerengero anachisunga. Chimene sindinamuuze n'chakuti mphamvu ya mankhwalawo ili m'kutalikirana kwake.

Pabwalo anthu anali atayamba kusonkhana. Ndinamva achimwene ake akunong'onezana za munthu wina amene anakangana naye padoko sabata yapitayo polimbirana nsomba, akuti ameneyo ndiye wamutseka maso. Palibe amene ankaganizira za mapiritsi. Kapepala kaja kanali m'dzanja langa, ndipo ndikanangokaika m'thumba nkhani ikanathera pomwepo. Ndikuuzeni zoona, ana anga, ndinakaikadi m'thumba. Ndinauza Abiti Juma kuti amugoneke m'nyumba ndipo asamupatsenso mankhwala ena alionse, kenaka ndinabwerera kwathu ndikukankha njinga, chifukwa kupalasa kunandikanika.

Amayi anu ndinawapeza akupeta mpunga. Ndinawauza zonse. Ndinati ndikalemba kalata yomutumiza kwa dokotala, ndiyenera kulembamo chimene wamwa ndi amene anamupatsa, ndipo ntchito ithera pomwepo. Nthawi imeneyo iwo anali oyembekezera iwe Petulo. Ndinatinso anthu akadziwa kuti kwinini wachititsa munthu khungu, palibe adzabwerenso pa zenera, ndipo ana adzafera m'nyumba. Chifukwa chachiwirichi chinali choona, koma ndinkachinena pobisalira choyamba chija. Amayi anu anapitiriza kupeta kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Nanga dokotalayo akapanda kudziwa chimene wamwa, amuchiza chiyani?" Ndinati mwina maso abwerera okha. Iwo anati, "Mwina. Koma masowo si anu oti muchite nawo mwina." Anatsitsa lichero n'kulowa m'nyumba. Ndinachita manyazi aakulu, ndipo ndinawakwiyira pang'ono, monga mmene munthu amakwiyira amene wanena zoona.

Kalatayo ndinailemba masana omwewo, osasiyapo kanthu. Kenaka ndinapita kwa shehe wa pa mzikiti wawo, mkulu wofatsa amene ndinali ndisanalankhulepo naye kupyola moni. Ndinapitako chifukwa Che Amidu, ndi malungo akewo, ankakanabe ngakhale dontho la madzi. Shehe anamvetsera, n'kutenga ndodo yake, tinapitira limodzi. Anakhala pansi pafupi ndi khutu la wodwalayo n'kulankhula mokweza m'Chiyao, Abiti Juma akundimasulira. Anati wodwala ndi wa pa ulendo analoledwa kale kumasula, masikuwo n'kudzabweza akachira, ndipo kukana chilolezo chimenecho si kupembedza koma kudzikuza. Kenaka Che Amidu anatambasula dzanja, mkazi wake n'kuikamo chikho. Pamene ankamwa misozi inali kutsika m'maso osaona aja.

Ine ndinakhala ndi anthu amenewa chaka ndi theka, kudya nsomba zawo ndi kusewera nawo bawo, osadziwa kuti chilolezo chotere chilipo. Ndikanadziwa, ndikanamutuma kwa shehe m'mawa womwe uja asanachoke pa zenera.

Machila omutengera kwa dokotala atakonzeka ndinaima pabwalo n'kutulutsa kapepala kaja. Ndinauza anthu kuti munthu wa padoko uja amusiye, alibe mlandu. Ndinati chachita izi ndi mankhwala a malungo omwedwa ambiri nthawi imodzi, ndipo amene anawapereka mosafunsa ndine. Achimwene ake anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anasenza machila n'kunyamuka.

1936

Anandiitana ku boma chaka chitangoyamba. Nditalowa mu ofesi ndinapeza kuti womasulira wa dokotala tsiku limenelo ndi bambo Chikopa. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Dokotala anali ndi kalata yanga pa tebulo. Anafunsa ngati wina anandikakamiza kulemba, ndinati iyayi. Anafunsa ngati lamulo ndinkalidziwa, ndinati inde. Ananena kuti chifukwa cha kalatayo sanamupatsenso Che Amidu kwinini wina pamene anafika ndi malungo, chinthu chimene chikanamaliza masowo, koma kuti kupatula apo panalibe zambiri zimene iye akanachita koma kudikira. Ntchito sanandichotse. Anandilembera chenjezo, ndipo kukwezedwa kumene ndinkayembekezera kunachedwa zaka zitatu. Potuluka bambo Chikopa anandiperekeza mpaka pa msewu. Ndinayamba kulankhula ndine, ndinati, "Bambo, wosafunsa ndinali ine, koma phula wadya ndi mnzanga." Anagwedeza mutu n'kundigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo.

Che Amidu anabwerera kumudzi patapita masabata angapo. Makutu anatseguka. Maso anabwerera, koma osati onse. Ankaona chokhacho chimene chili kutsogolo kwake, ngati munthu wosuzumira m'bango, ndipo kukayamba kachisisira ankafuna womugwira dzanja. Njinga anayesa kamodzi n'kugwera mu ngalande ndi dengu lomwe. Sanakwerenso. Malonda a ku Balaka anatenga mkamwini wake, iye n'kutsala pa ntchito yowamba.

Chimene ndinkaopa chija chinachitikadi. Mzere wa pa zenera unafupika. Amayi ankabwera ndi zilonda ndi chifuwa, koma ndikatulutsa botolo la kwinini ankabereka ana n'kumapita. Zinakhala choncho mpaka tsiku lina Che Amidu anadwalanso malungo. Dokotala anali atalemba mmene ndidzamumwetsere mosamala zikadzatero, ndipo ndinali wokonzeka kukamumwetsera kwawo. Iye anakana. Anabwera yekha ndi ndodo pa nthawi imene anthu anali ambiri, n'kuima pa zenera. Anameza, n'kuyasamula kukamwa konse, n'kutulutsa lilime ngati mwana wamwano, mpaka amayi a pamzere anaseka. Kenaka anatembenuka n'kunena kuti, "Ukathira mchere wa mwezi wonse mu ndiwo za tsiku limodzi, wolakwa si mchere." Masana anabweranso, madzulo anabweranso. Sabata yotsatira mzere unayambanso kutalika.

Kuyambira chaka chimenecho, mwezi wa Ramazani ukamayandikira ndinkapita kwa shehe, iye n'kukumbutsa anthu pa Lachisanu za chilolezo cha odwala. Ndipo ine ndinasanduka bambo Chikopa. Aliyense ndinkamufunsa kumene wachokera, ngati wadya, ngati ali pa kusala, ndiponso ndinkamuuza kuti abwereze ndi pakamwa pake mmene amwere. Bawo tinayambiranso, koma sindinkasangalala nalo ngati kale. Kuti aone mizere yonse ankachita kuyendetsa mutu uku ndi uku, ndipo nthawi iliyonse akatero mtima wanga unkawawa. Ankandidyabe. Za tsiku lija sitinakambiranepo, ndipo pepani weniweni sindinamuuze. Ndinali nditavomera pamaso pa gulu ndi pamaso pa dokotala, koma kwa mwini wake pakamwa pankandilemera.

Zaka za nkhondo

Anandisamutsa ku Chiuta nkhondo yaikulu ili mkati. Nthawi imeneyo kwinini anasowa, ndipo m'malo mwake anatibweretsera timapiritsi tachikasu timene tinkasandutsa khungu la munthu chikasu, moti ena ankathawa poganiza kuti tawapatsa matenda atsopano. Mankhwala anasintha kangapo pa zaka zanga, koma zolakwa za anthu sizinasinthe. Wina amamwa ambiri kuti achire msanga, wina amasiyira panjira akangomva bwino, wina amagawira mwana mlingo wake wa munthu wamkulu chifukwa cha chikondi. Onsewa si opusa. Aliyense amakhala ndi chifukwa chake chomveka, ndipo ukapanda kumufunsa suchidziwa. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ntchito ankandinena kuti ndimakonda nkhani, ndipo ndinkawamva.

1955, Balaka

Ndinabwereranso ku Balaka ndili mkulu wa kachipatala, tsitsi litayamba imvi. Loweruka lina ndikudutsa pa msika ndinaona nkhalamba yayitali ya mkanjo woyera itakhala pambali pa dengu la milamba. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, anali Che Amidu. Abiti Juma anali atamwalira, ndinamva pambuyo pake, ndipo iye ankakhala kwa mwana wake wamkazi chapafupi pomwepo. Ndinaima pambali pake, pafupi moti mkanjo wake unkandikhudza, koma sanadziwe kuti pali munthu. Ndinaima choncho kanthawi ndithu. Kenaka ndinapereka moni wanga wa Chiyao uja, "Ajimwiche uli, Che Amidu?"

Anaseka asanatembenuke. "Chiyao chopindika chimenecho ndi cha munthu mmodzi yekha. A Dresala! Bawo munaphunzira?"

Ndinakhala pansi pambali pake. Tinafunsana za ana, za nyanja, za shehe uja amene naye anali atatisiya. Nkhani zitatha ndinaona kuti ndikapanda kunena tsiku limenelo sindidzanenanso. Ndinati, "Che Amidu, pali mawu amene ndakhala nawo zaka makumi awiri. Maso anuwa ndinaononga ndine. Pepani."

Anathamangitsa ntchentche pa nsomba ndi kanthambi. Kenaka anati, "Inu simunafunse, ine sindinanene. Ine ndinkaopa kuti mukadziwa mundiuza kuti ndimasule. Tinasenza awiri katunduyo, a Dresala, musamadzitengere yense ngati ndinu amphamvu." Anapitiriza kuti, "Koma kalata ija munalemba nokha. Munthu wa padoko uja ali moyo mpaka lero, ali ndi zidzukulu. Achimwene anga anali atanola kale zikwanje."

Zimenezo sindinkazidziwa. Ndinangokhala pambali pakepo ndikuyang'ana pansi. Iye anatambasula dzanja, n'kupapasa mpaka anapeza mkono wanga, n'kundikoka.

"Chokani kumbaliko," anatero. "Khalani kutsogolo kwangaku. Kumbali sindiona, ndipo ndikufuna ndikuoneni mmene mwakalambira."

Ndinasuntha n'kunjuta patsogolo pake, pakati pa msika, ndi yunifolomu yanga yoyera, nkhope yanga kuyang'anizana ndi yake. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi kachidutswa ka maso kamene ndinamusiyira.

Agnesi, pa zenera lako padzafika munthu amene adzakuuze kuti akamwera kunyumba. Mzere udzakhala wautali, ndipo mwina adzakhala mnzako. Usadzakulunge msanga. Udzayambe wamufunsa kuti bwanji.